Mkanjo wa Mfumu ya ku Nubiya

Zenera la kuchipinda kwathu ku Ilford lili ndi katani imodzi yokha. Alendo akafunsa ndimati inzake ili kochapa. Ndi bodza, ndipo lero ndaganiza zoulula.

Chaka chimene ndinabereka Tadala, mpingo wathu wa ku Tottenham unakonza sewero la Akhristu akale a muno mu Africa (ndikuti muno ngati ndili ku Dedza). Amene analilemba ndi a Eneless, namwino wa ku Edmonton, mbeta, wamtali, mano oyera ngati sanatafuneko chimanga chokazinga. Nkhani yake inali ya ufumu wa Makuriya ku Nubiya, m'mbali mwa mtsinje wa Nailo. Asilikali achiarabu atalanda Iguputo anabwera kuti alandenso mzinda wa Dongola, koma eni mzinda anawabweza ndi mauta, mpaka mbali ziwirizo zinapangana mtendere umene unakhala zaka mazanamazana. Izi ndimazidziwa pamtima chifukwa amuna anga ankazinena ngakhale ine ndikusintha mwana thewera.

"A Eneless akuti anthu aja ankalasa diso la munthu ali patali."

"A Eneless akuti matchalitchi awo anali ndi zithunzi m'makoma."

A Eneless akuti, a Eneless akuti. Ine apo mkaka ukudontha pabulauzi, satifiketi yanga ya kukoleji ili m'sutikesi kunsi kwa bedi. Woti anene kuti "amayi a Tadala akuti" panalibe.

Kenaka ndinamva kuti amuna anga ndiwo akhale mfumu, ndipo a Eneless adzakhala pambali pawo atavala duku lonyezimira. Sindinafunse kuti monga ndani. Kodi mkazi wokhala pambali pa mfumu n'kuchita kufunsa?

Lamlungu lina titaweruka ndinaona a Eneless akutulutsa tepi yoyezera m'chikwama.

"Bambo a Tadala, tambasulani manja ndikuyezeni pachifuwa. Mkanjo wachifumu ndikusokerani ine."

Ndinadumpha mizere itatu ya mipando mwana ali kumsana.

"Zikomo asisi, musavutike. Chifuwa chimenechi ndimachidziwa ndine."

"Mumasoka kodi?"

"Kwambiri."

(Satifiketi ija ndi ya kasamalidwe ka ana. Singano ndinaigwira komaliza kupulayimale.)

Ndinatsitsa katani yofiira ija n'kuidula. Tepi ndinalibe, choncho ndinayezera pa jekete la ukwati wathu, kuiwala kuti munthuyo wakhala akudya tchipisi cha ku London zaka zinayi. Atauyesa mkanjowo anati, "Ukundithina m'khwapamu." Ndinati mafumu savala zokhwepa. Buluku silinalole kulowa mkati, ndiye tinagwirizana kuti avale kabudula chabe, poti ndani adzaone?

Tsikulo holo inadzaza, mpaka azigogo a ku Zimbabwe amene makolo awo anachokera ku Ntcheu anabwera ndi ndodo zawo. Zonse zinayenda bwino. Amauta analasa ndi nsungwi zawo, adani anagwa pansi monga anaphunzitsidwira. Panatsala kuti mfumu ikweze manja kuthokoza Mulungu.

Inakweza. Kweee! Mkanjo unang'ambika kuyambira pakhosi mpaka kumusi, n'kugwera mbali ziwiri ngati khoko la nthochi. Mfumu ya Makuriya inaima pamaso pa mpingo ndi vesiti komanso kabudula wa mpira. Adani amene anali atafa kale anayamba kugwedezeka ndi phwete. Mmodzi anachita kudzuka.

A Eneless sanaphethire n'komwe. Anamasula chitenje chawo chapamwamba, n'kuwakulunga nacho amuna anga, n'kufuula: "Mlongo wanga mfumu, chovala chang'ambika koma mzinda sunagwe!" Anthu anaomba m'manja, nthungululu mbwee.

Mlongo wanga? Tikumwa tiyi ndinawafunsa a Eneless ngati ndikungocheza.

"Eee, ine ndinali mlongo wa mfumu," anatero. "Kumene kuja kunali ngati kwa Achewa, mwana wa mlongo ankatha kulowa ufumu. Malo a mkazi wa mfumu tinasungira inu, koma bambo anati mwana akukutopetsani, tisakuvutitseni."

Ndinayang'ana bambowo. Anali kalikiliki kutakasa tiyi wopanda shuga.

Taonani tsono. Ndinakana kuti mkazi wina awagunde ndi tepi kwa kamphindi, ndipo singano yanga yomwe ndiyo inawaveka chitenje chake pamaso pa mpingo wonse. Chitenjecho ndinachichapa ndekha, ndinachisita, ndinakachipereka ndi manja awiri bondo litapinda. Mubasi pobwerera amuna anga anangoti, "Nsalu ija inkanunkhira bwino." Sindinawaphikire nyama sabata yathunthu.

Ndaphunzirapo kanthu, ndikuvomera: munthu uzifunsa usanadule katani. Koma dzulo analengeza kuti sewero la chaka chino ndi la Adamu ndi Hava, ndipo amuna anga awatchula kale kuti ndiwo Adamu. Dzina langa ndinakalembetsa pa malo a Hava abusa asanatseke pakamwa. Tepi ndagula. Katani inayo ndi yobiriwira kumbuyo kwake, masamba atuluka.