Tsiku limene ndinalalikira ndi goli m'khosi

Anzanga, mantha ndinawadziwira m'tchalitchi, osati panyanja. Abusa athu ku Kande anandipatsa Lamulungu limodzi loti andimve ngati ndingathe kulalikira. Ndikalephera, basi, ndibwerere kumaukonde anga.

Ndinasankha mutu wa goli. Abusa anandiuza kuti m'Chihebri liwulo ndi "ol", ukafuna kunena kuti langa umati "uli", ndipo ndinaloweza sabata yathunthu m'bwato. Koma ife a kunyanja, ndani anamangapo ng'ombe? Ndiye ndinati anthu alione ndi maso, n'kukabwereka goli lenileni kwa mlimi wina wa mpunga ku Limphasa.

Tsikulo ndinaimirira kutsogolo kwa mpingo. Chihebri chonse chinathawa, ndinangoti "ol" kamodzi ngati ndatsamwa ndi munga wa nsomba. Pofuna kubisa manyazi ndinaitana a Longwe, mkulu wa mpingo, chimunthu chachikulu ngati chitseko. Tinalowetsa makosi m'goli, iwo uku ine uku, ndipo zingwe ndinamanga ndekha. Mfundo yake? Yomangira bwato, ija ukamakoka ndi pamene imalimba!

"Ada, mumasula bwanji?" ananong'ona a Longwe.

"Musaope," ndinatero.

Potembenuka kuti azimayi aone bwino, nsonga ya goli inagunda chisa cha mavu pawindo. Chiuta wangu! A Longwe mavu amawaopa kuposa ng'ona. Analiyatsa liwiro, ine ndikukokedwa pambuyo, zala zakumapazi zokha zikukhudza pansi, chingwe chikundikanyanga pakhosi, mpweya osatuluka. Ndinaona imfa ndithu, ndipo ndinaganiza za ana anga: adzawauza kuti bambo awo anafa bwanji?

Pakhomo goli linapingasa, khoo! Ife osatuluka, mpingo wonse kumbuyo kwathu osatulukanso, mavu akugwira ntchito yawo mosasankha. Anatipulumutsa ndi mayi wina amene anali ndi mpeni wosendera chinangwa m'chikwama.

Titakhala panja, aliyense atatupa, abusa anandiyang'ana ndi diso limodzi lomwe linatsala lotseguka.

"Ada," anatero, "goli talimvetsa tonse. Kuyambira lero muziimba belu."

Mpaka pano ndimaimba belu, ndipo a Longwe akandiona amagwira khosi. Chihebri ndinawasiyira eni ake. Tsiku lina abusa akadzandikhululukira n'kundipatsa mutu wa Danieli, ndalumbira, mkango sindikabwereka.