Kamwala ka aphunzitsi kanasenda mbuzi

Anzanga, mpaka lero ndikaona nyama yambuzi mtima umandiwawa. Chaka chomaliza ku yunivesite ndinkapanga kachipangizo kochedwetsa mafunde a wailesi. Ndi kapaipi kamkuwa ka makona anayi, m'kati mwake mumakhala kamwala kakuda kotchedwa feraiti, ukakapatsa mphamvu ya maginito mafunde aja amachedwa monga wafunira. Koma kamwalako kamafunika kosalala, kukula kwake ndendende monga masamu anenera, kakangopalika pang'ono zonse zasokonekera. Aphunzitsi anali nako kamodzi kokha, anandibwereka monyinyirika, ndipo Lolemba ndinayenera kukaonetsa ntchito yanga kwa ondiyesa.

Ndiye chinandituma n'chiyani kupita nako kwathu ku Kachebere? Matama basi! Anthu atadzaza pakhonde ndinamasula paipi, kutulutsa kamwala, n'kuyamba kulalikira ngati m'busa. Malume anga anakatembenuzatembenuza nati, "Kolimba aka, mphwanga?" Ine mapewa m'mwamba, "Malume, aka kamaposa chitsulo cha mpeni wanu." Pakamwa pangapa! Kenaka anzanga anandiitana kumpira, zonse ndinangozisiya pawindo.

Pobwera ndinapeza andiphera mbuzi. Ndinadya mpaka kunyambita zala, n'kuyamikiranso kuti nyamayi yadulidwa mwaluso. Malume akumwetulira anati, "Ndi kamwala kako kaja. Mpeni unachita kulowa wokha."

Mayo ine! Ndinathamangira kuseri kwa nyumba, ndikupeza kamwala kali pachitsa, konyowa, pakati pakumbika, ngodya imodzi yathetheka, mipeni ya mudzi wonse ili pamzere kudikira kunoledwa, ndi zikwanje za aneba zomwe. Nanga paipi? Mayi akuuzira nayo moto, ati imathandiza utsi usalowe m'maso. Ndinalusa, ndinalalata, kodi chinthu cha sukulu mumangotola osafunsa? Malume sanatekeseke n'komwe. "Si unanena wekha kuti kamaposa mpeni? Ife tangoyesa." Ndiuzeni, mungakalipire bwanji munthu amene mbuzi yake ili m'mimba mwanu?

Lolemba makina oyezera anangojambula mizere yopenga. Aphunzitsi ananunkhiza paipi, kundiyang'ana, n'kufunsa kuti mafunde anga ndimawaotcha pamoto kapena. Ntchito yonse ndinabwereza, anzanga akuvala mikanjo ine ndikuonerera.

Chondipsetsa mtima kwambiri, malume anandiimbira foni kuti ndikamabweranso ndiwatengere kokulirapo, kaja kanachepa pa nkhwangwa. Ine? Masiku ano kumudzi ndimanyamula shuga ndi sopo basi, ndipo wina akafunsa zimene ndinaphunzira ndimangoti masamu, aone ngati anganolerepo mpeni.