Nkhope Yachiwiri pa Makapu a Bambo Isaías

Aliyense wa ku Mandimba kuno akudziwa kuti ukapita kwa malemu bambo Isaías kukadinditsa nkhope yako pa kapu, unkabwerako ndi nkhope ziwiri. Yako inkakhala kutsogolo, yaikulu bwino. Koma pafupi ndi chogwirira pankakhala kamtsikana ka maso aakulu, kovala diresi lokakulira, m'munsi mwake nambala ya foni. Ufune usafune, kanalipo.

Kamtsikanako kanali Joaquina, mwana wawo. Anasowa mu 1987 ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, tsiku lomwe anthu a ku Massangulo ankathawa nkhondo kulowera ku Malawi. Mfuti zitalira, mayi Margarita ankayesa kuti mwana ali ndi bambo ake, bambo ake ankayesa kuti ali ndi mayi ake. Nkhondo itatha makolowo sanabwerere kumudzi. Anamanga pamalire pano, ati mpomwe aliyense amadutsa. Anafunsa ku mishoni, m'misika, mpaka kusiteshoni ya sitima ku Cuamba, koma palibe anamuona. Chinatsala ndi chithunzi chimodzi m'buku la mapemphero la mayi Margarita.

Zaka zinapita, nyumba idakali yofolera ndi udzu. Chaka china fodya atachita bwino, bambo Isaías anapita ku Nampula kukagula malata. Anabwerako atasenza makina otenthetsera makapu, inki ndi mapepala ake.

"Nanga malata?" anafunsa mayi Margarita.

"Mayi, malata amakhala pamodzi. Makapu amayenda."

Kuyamba kwake kunali kwa misozi ndi phwete. Anagula makapu wamba pamsika, osadziwa kuti pali makapu akeake a ntchitoyi, ndipo chithunzi chinakana kumata. Atapeza oyenera, anayesera nkhope ya mkazi wawo n'kuiiwala pamoto. Inatuluka bii ngati kunsi kwa mphika.

"Ndine ameneyu?"

"Ndinu, koma mutakwiya."

Kenaka anadinda chithunzi cha woyera mtima pa malaya a kwaya yathu, a nsalu ya thonje. Titangochapa kamodzi, woyera mtima wathu anachoka osatsanzika, ndipo Lamulungu lotsatira tinaimba titavala mitambo yokhayokha. Apo mpomwe anaphunzira kuti inki imeneyi imagwira pa nsalu yoterera ija basi. Tinawaseka chaka chathunthu, iwo n'kumaseka nafe.

Dzanja litakhazikika, Joaquina anayamba kuonekera pa kapu iliyonse. Nádia, mwana wa mlongo wanga, anadinditsa makapu makumi asanu a ukwati wake. Anabwera akuwira.

"Bambo, ndani uyu pa kaneka yanga? Apongozi ayesa ndinabereka kale!"

"Muwauze kuti ndi wanga."

"Akapanda kukhulupirira?"

"Aimbe nambalayo. Ndicho ndinaiikira."

Oyendetsa shapa, timabasi tathu tija, ankawapatsa makapu aulere kuti akawasiye m'malo omwera tiyi ku Cuamba, ku Lúrio, kulikonse kumene msewu ukufika. Foni yawo sinkachoka m'thumba la pachifuwa. Ikalira m'tchalitchi ankatuluka chothamanga, ngakhale nthawi zambiri anali munthu wofunsa mtengo.

Tsiku lina ndinalephera kuugwira mtima. "Achimwene, ngati ali moyo, pano ndi mayi wa ana. Ndani angamuzindikire ndi kankhope aka?"

"Sindikudikira wina kuti amuzindikire," anandiyankha akumata pepala pa kapu. "Adzakhala akumwa tiyi kwinakwake, adzadziona yekha."

Ndinaseka. Mpaka lero manyazi amandigwira ndikakumbukira kuti ndinaseka.

Kamodzi kokha kunabwera mayi wina wochokera ku Nyanja ya Amaramba, kapu ili m'manja. Nayenso anatayana ndi makolo pankhondo. Anakhala pakhonde ndi mayi Margarita, kufunsana mayina a midzi ndi a mitsinje, koma palibe chinagwirizana. Bambo Isaías anamuperekeza kukakwera shapa. Sabata imeneyo makina sanayake.

Bambo Isaías anamwalira dzinja lathali, chifuwa chitawavuta mwezi umodzi. Pamsika pano pazizira. Palibenso woimitsa mlendo pamsewu kumufunsa komwe anakulira, ndipo m'tchalitchi foni ikalira timatembenukabe kuyang'ana pa benchi yawo.

Makina anawagula a Sulemane, munthu wa luso, osabisa. Makapu awo ndi owala kuposa a malemu, ndipo nkhope imakhala imodzi monga wapemphera. Woyamba kubweza katundu anali Nádia yemwe uja. Anali atadinditsa makapu a ubatizo wa mwana wake.

"Kaneka izi sizinathe," anatero.

"Zaperewera chiyani, mayi?"

"Mwana wa malemu uja ali kuti? Mukufuna akamwe tiyi osadziona?"

A Sulemane anavula chipewa n'kupita kwa mayi Margarita. Ine ndinali pomwepo. Mayiwo anatsegula buku la mapemphero, natulutsa chithunzi, nachipukuta ndi nsonga ya chitenje ngakhale chinalibe fumbi. Anachigwira nthawi yaitali asanachipereke.

"Mubweze lero lomwe, ndilibe china," anatero. "Ndipo muike nambala yanga. Akaimba ya bambo ake, palibe amuyankhe."