Tsiku Lomwe Ndinayeza Chitsime ndi Juwisi

Anzanga, kubereka mwana wanzeru si kuti nawe wasanduka wanzeru, ine ndinaphunzira ndili pakati pa anthu.

Mwana wanga Tadala amaphunzira za sayansi ku yunivesite, ndiye atabwera ku holide kwathu ku Chinsapo anandionetsa timadzi tachikasu. Akuti muli tizidutswa ta siliva tating'onoting'ono toti diso silingaone, timapha majeremusi, komanso tikakumana ndi zitsulo zapoizoni m'madzi timasintha mtundu. Siliva weniweni, koma wosaoneka! Ine kukamwa yasa.

Mawa lake iye atapita m'tauni ndinati bwanji ndithandize anthu, poti chitsime chomwe tonse timatunga chili kumunsi kwa malo omwe amaphwanyirapo mabatire akale. Ndinatsegula firiji, kutenga botolo lachikasu, kuvala jekete dzuwa likuswa mtengo, ulendo ku chitsime.

Azimayi anaika zidebe pansi. Ndinatunga madzi m'kapu, kudonthezamo, ndikufotokoza ngati ndinapanga ndine.

"Akakhala achikasu, madzi ali bwino. Mwaona? Chikasu!"

Anaomba m'manja. Koma Mayi Nabanda, aneba athu, ananunkhiza kapu ija.

"Abambo a Tadala, bwanji zikununkha nanazi?"

"Sayansi imanunkha choncho, amayi."

Ndipo pofuna kutseka pakamwa okayika, ndinatunga ena ndi kumwa. Makapu awiri! Kodi chinandituma n'chiyani? Njuchi zinayamba kundizungulira, ine ndikuti nazonso zadabwa.

Ndiye Tadala uyu akutsika kabaza. Anayang'ana botolo, anayang'ana ine.

"Adadi, juwisi wanga mukutani naye kuno?"

Mayo ine! Azimayi anaseka mpaka wina anakhala m'beseni.

Tadala sanaseke. Anatulutsa m'chikwama kabotolo kena kokulunga bwino, kuthira timadzi take m'tigalasi tiwiri. M'kamodzi anadonthezamo madzi a m'botolo ogula, chikasu chili chomwecho. M'kachiwiri anadonthezamo a pachitsime. Abale, maso athu akuona, chikasu chija chinayamba kuzilala pang'onopang'ono mpaka kutuwa. Phwete lonse linatha. Kanthu kosaoneka kakuulula kanzake kosaoneka, m'manja mwa mwana yemwe ndinkamupukuta mamina! 

"Izi n'zongotichenjeza," anatero Tadala. "Ndipita nawo ku labu tikatsimikize. Pakadali pano akumwa muzikatunga ku mpopi."

Mayi Nabanda anatembenuka.

"Nanga apulofesawa, amwa makapu awiri?"

Sabata yonse ndinkadzuka ndi kuthamangira pagalasi kuona ngati nanenso ndayamba kutuwa. Tadala akuti makapu awiri sapha munthu amene wamwa madzi omwewo zaka zonsezi, ndipo sindinadziwe ngati akunditonthoza.

Ku labu anatsimikiza, chitsime tinachisiya, pano timangothirira maluwa. Ine dzina linasintha, ngakhale kutchalitchi akunditchula Pulofesa Nanazi. Ndalumbira, china chilichonse chachikasu m'firiji, ndiyambe ndafunsa mwini wake.