Chizungu Changa cha ku Mabalani

Nkhani iyi ndimabisira ngakhale adzukulu anga, koma lero ndiulula. Sekani mpaka nthiti ziwawe, ine manyazi anandithera kalekale.

Nthawi imeneyo ndinali foromani pa famu ina ya fodya kufupi ndi Darwendale, kudziko la eni kumene ndinapita kukagwira ntchito. Dziko litalandira ufulu, anatitsegulira sekondale pafamu pomwepo, koma inkathera Fomu 2. Mwana wanga Rozina ankafuna unamwino, ndipo popanda English ya Fomu 4 kunalibe kolowera. Ndinkaopa kuti mutu wonsewo ukathera kushedi, kusankha fodya ngati amake.

Kenaka tinamva kuti boma litumiza mphunzitsi wa English, mmodzi yekha. Mkangano unabuka mukomboni. Akuluakulu ena ankafuna kalasi yoyambira, ya ABC, kuti nawonso aziphunzira Loweruka masana. Ine ndinakana kwamtuwagalu.

"Aiwa! ABC wa chiyani? Ife akuluakulu Chizungu tili nacho kale. Ticha apite ku Fomu 3 ndi Fomu 4!"

"Muli nacho inuyo, aForomani?" anafunsa aFulanki, oyendetsa thirakita.

"Ndimalankhula ndi mzungu tsiku lililonse kumabalani. Nanga mzungu amalankhula chiyani, Chinyungwe?"



Linafika tsiku loti mayi wina wa ku ofesi ya maphunziro adzamve maganizo athu. AHedi a sekondale yathu anandikokera pambali.

"Baba vaRozina, lankhulani Chichewa chanu, ine ndimasulira."

"Ticha, musandichepetse. Lero muona!"

Ndinavala jekete, dzuwa likuswa mtengo. Mayi uja, wachitsikana, wamagalasi, atakhala pampando, ndinaimirira, ndinakonza kukhosi.

"Madam! Mina funa lo skul makulu! Lo pikinini ka mina yena funa lo English maningi sterek!"

Apo ndinkati ndikufuna makalasi apamwamba, mwana wanga akufunitsitsa English. Ana amene ankasuzumira pawindo anazimiririka onse nthawi imodzi. Mayi uja anavula magalasi. Ine mumtima ndinati, wagoma ameneyu! Ndiye ndinawonjezera moto, chala m'mwamba, monga ankachitira bwana fodya akapserera.

"Ikona lo ABC! Zonke lo madoda lapa yena kuluma lo English mushe, fana ka mina!"

Ndinkatanthauza kuti ABC ayi, amuna onse pano amalankhula Chizungu bwino ngati ine. Komboni inaomba m'manja. Amayi ena mpaka nthungululu. Ndinacheuka kuti ndione Rozina akunyadira bambo wake, koma anali atabisa nkhope m'buku.

"Thank you, baba," anatero mayi uja. "Now, could you say that again in English?"

Ine ndinangotolapo "thank you". Ndinawerama mwaulemu.

"Mushe sterek, madam!"

Apo mayiyo anatembenukira ku Chishona, motsitsa mawu, kundipempha kuti ndibwereze zonse m'Chizungu.

"Ko nhai amai," ndinatero, "nanga ndimalankhulachi n'chiyani?"

"Chilapalapa, baba."

Abale, thukuta linatsika mpaka m'masokosi! Zaka zonsezo bwana ankandikalipira m'Chilapalapa, chilankhulo cholamulira antchito, ine n'kumati ndikuphunzira Chizungu chaulere. Koma chinandiwawa kwambiri sichinali manyazi. Ndinaona kuti ndamutayitsa mwana wanga Fomu 4 ndi pakamwa panga pomwe.

Mayi uja sanaseke. Anayang'ana anthu onse.

"Amene munaomba m'manja, kwezani mikono."

Mikono inakwera pang'onopang'ono, ya aFulanki yomwe. Ataona kuti onsewo ankayesa Chizungu chenicheni, mayiyo anapukusa mutu n'kuuza aHedi kuti anabwera kudzasankha kalasi imodzi, koma waona kuti sizingatheke. Ana akufunika makalasi apamwamba, makolo akufunika oyambira, ndipo akanena zimenezo ku ofesi.

Chaka chotsatira kunabwera aphunzitsi awiri. Rozina analowa Fomu 3, ndipo pambuyo pake English anaikhoza, unamwino wake n'kuupeza. Ine ndinalowa kalasi ya Loweruka, mawondo osakwana pansi pa desiki, kuimba A, B, C pamodzi ndi amake Rozina amene ankandiposa sabata iliyonse.

Tsiku lolandira aphunzitsiwo, aHedi anandiimiritsa pamaso pa makolo onse.

"Muwaombere m'manja aForomani! Ine ndapempha aphunzitsi kangapo m'Chizungu chenicheni, osapatsidwa. Iwowa angolankhula kamodzi, boma lachita mantha, latumiza awiri!"

Ndiye paja, si chilichonse chotuluka m'kamwa mwa mzungu chimene chili Chizungu.