Khosi la Mkamwini

Lolemba

Khosi silikutembenuka. Ululu ukuyambira pamene khosi limakumana ndi mapewa, n'kutsika mkono mpaka kuzala, zomwe zachita dzanzi. Choko chandipulumuka pamaso pa Fomu 3. Kuchipatala akuti kachicherewechere ka pakati pa mafupa kasuntha, kakupana mtsempha.

Ndipo Loweruka ndikukaonekera kwa makolo a Lusungu, bwenzi langa, ku Mlare! Malangizo ake: "Kwathu mkamwini sayang'ana akuluakulu m'maso. Mutu pansi. Asibweni anabwezapo mnyamata wina ati amayang'ana ngati wapolisi." Asibweni ndiwo malume ake, ndipo mawu omaliza ndi awo.

Cholinga cha sabata: ndizitha kuwerama. Basi.

Lachiwiri

Kwa dokotala woongola msana, amene amabwera kuchokera ku Mbeya. Ndikuyembekezera kuti agwira mutu, aupotokola, kho! ndachira. Ayi. "Pole, mwalimu. Pepani, aphunzitsi. Khosi ili sitilimbana nalo. Polepole." Akukoka mutu pang'onopang'ono ngati akuzula chinangwa m'dothi louma. Zoti ndizichita:
kubweza chibwano m'mbuyo;
kusiya kuchonga makope nditawerama;
kuvala kolala yolimba ndikakwera minibasi.

Ndafunsa ngati ndichire pofika Loweruka. "Loweruka la mwezi uti?"

Lachitatu

Ndikubweza chibwano pakhonde la sitafu. Ana andipatsa kale dzina: Nkhukundembo. Ndadutsa amayi achiwiri kwa ahedi osacheuka, chifukwa kucheuka kumafuna thupi lonse. Kumbuyo ndamva: "Digiri yamukhala pakhosi."

Mwina akunena zoona pang'ono. Sindimayankhula kawirikawiri, ndiye anthu amandiwerenga pakhosi. Lero khosilo likunena zake.

Lachinayi

Aliyense ndi dokotala. Wagolosale wina wa ku Mangochi akuti ndipake mafuta otentha. Eni nyumba akuti ndipeze mayi wobereka mapasa andiponde pamsana. Ndakana mwaulemu, kenako ndapezeka ndikuganizira amayi a mapasa amene ndimawadziwa. Manyazi!

Ndikuyeserera kuwerama pamaso pa mpando. Ndikufika poona batani loyamba la malaya, osapitirira.

Mawa ndikuphunzitsa za chibwano cha munthu wakalekale chimene anafukula ku Uraha. Khosi lake sanalipeze. Mwina analitaya dala.

Lachisanu

Bwanji ndingonena zoona kuti ndikudwala? Lusungu: "Yayi! Azikati ndabweretsa munthu wotha kale. Mungowerama, si zovuta."

Dokotala: "Musawerame kwambiri, mwalimu."

Ndavala kolala pagalasi. Chibwano m'mwamba ngati munthu wopempha mavoti. Phunziro lonse ndili nalo, koma funso loti ndimvere dokotala kapena mkazi silinali pa mayeso.

Loweruka

Ndatsika minibasi, ndavula kolala, ndaibisa m'chikwama. Pabwalo ndagwada. "Monire mose." Ndaponya mutu pansi ndi mtima wonse. China chake chalira kumbuyo kwa khosi.

Mutu sukubwereranso!

Moni pansi. Pemphero pansi. Mpunga wa kilombero pansi. Misozi ikugwera m'mbale, ndipo mayi wina akunong'ona kuti mwana uyu ulemu wamukulira mpaka akulira. Achibale amene ndawadziwa lero:
patapata wobiriwira, wofunsa mafunso ambiri;
jombo zamatope, zosayankhula;
nsapato zakuda zopolisha, ndiwo asibweni.

Nsapato zakudazo zayima pamaso panga nthawi yaitali. "Uyu ndiye munthu. Wasukulu, koma khosi lofewa."

Potsanzikana ndaweramira mtengo wa mango. Palibe waseka.

Lamulungu

Chagada pamphasa, thaulo lopinda pansi pa khosi. Kutchalitchi sindinapite. Dokotala pafoni wangopuma mozama: "Tiyambirenso, mwalimu."

Lusungu akusangalala. Akwawo andilandira! Akuti mbiri yafika ku Vinthukutu, azakhali akufuna kubwera ndi ana awo aamuna adzaonere mmene mkamwini amakhalira.

Ndiyenera kukondwa, ndipo ndikukondwa, kuyambira m'mapewa kutsika. Koma nkhope ya asibweni sindikuidziwa. Akasintha nsapato, ndiwadutsa pamsika osapereka moni. Ndipo mkamwini amene amukonda chonchi ndi yemweyo amene dokotala akuyesetsa kumuchiza. Tsiku limene ndidzachire n'kudzutsa mutu, adzati ukwati wandipatsa matama.

Ndikubwezabe chibwano m'mbuyo. Koma sindikufulumira.