Kodi Kaputeni Adapulumuka?

Pulani yonse idabadwira m'bala ya kuseri kwa galaja, dzuwa lili paliwombo. Bwana Mapu, mtsogoleri wa gulu la mbava zitatu, adaviika chala m'mowa ndi kujambula shopu ya mabuku patebulo. Ankatchedwa Mapu chifukwa sankaba ngakhale nkhuku asanajambule khola. Vuto lidali lakuti mapu akewo ankauma iye asanamalize kufotokoza.

"Apa ndi pakhomo, apa ndi kabati yagalasi," adatero. "M'kabatimo muli buku lachikuto cha siliva. Dokotala wina wa mano akulifuna, ndipo munthuyo si woumira. Dili iyi ndi ya madolo okhaokha."

Chitseko, chimunthu chimene chinkalowa pakhomo chammbali, adakanda m'mutu. "Buku, bwana? Tasiya mafoni tayamba kuba sukulu?"

"Khala chete, iwe ntchito yako ndi jekete. Bukuli ndi la mafilimu aja a zombo zam'mlengalenga, a Alonda a Dzuwa Lachitatu."

Atamva dzinalo, Roketi, mlamu wake wa Mapu, adatsamwa ndi mowa. Munthuyu mafilimu amenewa adawaonera mpaka adaloweza ndi kutsokomola kwa adani komwe. Koma adali ndi bala mumtima. Filimu yomaliza idathera pamene chombo cha Kaputeni chinkagwera m'dzuwa, kenako mdima, basi. Ina sidapangidwenso. Tsiku limenelo Roketi adakhalabe pampando m'holo mpaka wosesa adamusesa kumapazi. Anthu ankati yankho lili m'mabuku amene adalembedwa potsatira mafilimuwo, koma mabukuwo adali ambirimbiri, ndipo iye sankadziwa lenileni ndi liti. Kwa zaka zonsezi funso lidali limodzi: kodi Kaputeni adapulumuka?

"Alamu, inu mukasokoneza mwini shopu," adatero Mapu. "Mukafunse funso limodzi lokha la mabukuwo. Ndikatsokomola, tulukani. Mwamva?"

"Ndamva," adayankha Roketi, maso ali kumwamba.

Mawa lake masana adalowa m'shopumo mmodzimmodzi, ngati anthu osadziwana, ngakhale kuti onse atatu ankanunkha mowa umodzi. Mwini shopu adali mayi wamfupi wa magalasi omangirira chingwe. Roketi adayandikira kauntala.

"Amayi, mabuku a Alonda a Dzuwa Lachitatu, munthu angayambire liti?"

Mayiyo adavula magalasi, nkhope idawala. Zikuoneka kuti funso limenelo adalidikirira moyo wake wonse.

"Mwanawe, wafika pakhomo poyenera! Khala pansi." Adayamba kutsitsa mabuku pashelefu. "Ili, Mwana wa Kaputeni, usalikhudze. Wolemba wake mafilimu sadawaonere. Loboti ija waipatsa mphuno."

"Mphuno?" Roketi adadzuma. "Loboti ija imanunkhiza ndi zala!"

"Ndiye ukudziwa! Ili lalikululi, Zaka za Mdima, ndi lanzeru, koma theka lonse ndi msonkhano wa akuluakulu okangana za mafuta a zombo. Ndi labwino kwa munthu wosowa tulo. Ili lofiirali lili ndi nkhondo zokoma, koma wolemba adapha woyendetsa chombo m'mutu woyamba, kenako adaiwala, m'mutu wachisanu munthuyo akuphika tiyi."

Kumbuyo kwawo, Mapu adatsegula kabati ndi waya, buku lasiliva lidalowa m'jekete la Chitseko. Ntchito idatha. Mapu adatsokomola.

Roketi sadacheuke.

"Nanga lonena za Kaputeni atagwera m'dzuwa?" adafunsa Roketi.

Mayiyo adatulutsa kabuku kopyapyala, kothothoka chikuto, komata ndi selotepu. "Kuseri kwa Dzuwa. Ili ndiye buku. Ine ndidalira mpaka amuna anga adaganiza kuti kwagwa maliro."

Mapu adatsokomolanso. Adatsokomola kachitatu, kachinayi, mpaka chifuwa chabodza chidasanduka chenicheni, misozi ili chuchuchu. Mayiyo adamupatsa madzi m'kapu ndi kumulangiza kuti asiye fodya.

"Nanga lasiliva lija?" adafunsabe Roketi. Mwamwayi wa Mapu, mayiyo sadayang'ane n'komwe kukabati.

"Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere! Zinyalala zenizeni. Amagula ndi anthu ofuna kukongoletsa pabalaza, amene sadziwa kusiyanitsa chombo ndi beseni."

Apa Mapu adamugwira mlamu wake kolala ndi kumukokera panja.

Adakaima m'kanjira ka kuseri kwa malo ochapira magalimoto. Mapu adali kumwetulira mpaka mano a m'mbali kuoneka. Kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya gululo, pulani idayenda. Koma mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

"Alamu, taba buku lolakwika," adatero Roketi.

"Lolakwika bwanji? Dokotala adati lasiliva."

"Dokotalayo amadziwa mano basi. Simunamve amayi aja? Zinyalala! Zikamveka m'tauni muno kuti Bwana Mapu adathyola kabati n'kuba zinyalala, buku labwino n'kulisiya pakauntala, anthu adzati chiyani?"

Roketi ankamudziwa bwino mlamu wake. Mapu ukadamutcha wakuba, akadakuthokoza. Koma kumutcha wakuba wosadziwa kusankha kudali kumulasa pamtima. Nkhope ya Mapu idagwa.

"Ine sindiba zinyalala," adatero pang'onopang'ono. "Ngakhale nsapato ndimayamba ndaona nambala." Adatola kamtengo ndi kujambula mapu atsopano pafumbi. "Tibwerera. Lasiliva tikalibwezera m'kabati, titenga kothothokako. Dokotala tikamuphunzitsa kuwerenga zabwino."

Chitseko sadamve chilichonse. Adali atakhala pa tayala, buku lasiliva lili pamiyendo, chala chikuyenda pansi pa mizere, milomo ikugwedezeka.

Chiyambire dziko, mbava zabwezapo katundu chifukwa cha mantha, zina chifukwa cha kulapa. Izi zokha ndi zimene zidabwerera kukasinthitsa.

Atalowanso, adapeza shopu yasintha. Mipando idali itazungulira pakati, ndipo padakhala anthu angapo, aliyense buku m'manja. Lidali tsiku la gulu la owerenga mabuku a Alonda.

"Mwana wanga uja wabwera ndi anzake!" adafuula mwini shopu. "Khalani, khalani. Bambo achifuwa, inu khalani pafupi ndi zenera."

Mapu adafuna kulowera kukabati, koma mpando udali utamufika kale kumbuyo kwa mawondo. Roketi adakhala moyang'anana ndi kabuku kothothoka kaja, kali patebulo, pafupi kwambiri moti akadatha kukanyambita.

Amene ankatsogolera zokambirana adali bambo wina wa ndevu zometa bwino, wa malaya a maluwamaluwa, wolankhula ngati munthu wozolowera kumveredwa.

"Tisanapitirire," adatero bamboyo, "tigwirizane chimodzi. Pa mabuku onsewa, lachabechabe ndi lasiliva lija. Alipo wotsutsa?"

Onse adaseka. Mapu naye adaseka mokweza, kuti aoneke wodziwa.

"Ine ndikutsutsa."

Adali Chitseko. Mapu adamuponda phazi, koma kuponda Chitseko kudali ngati kuponda njerwa.

"Buku lija ndi lokoma, amwene," adapitiriza. "Muli chimphona chija chonyamula katundu m'chombo. Aliyense amachituma, palibe amachifunsa maganizo. Kenako chimalira chokha kuseri kwa injini. Ine pamenepo zandikhudza."

"Chimphona sichilira m'buku limenelo," adatero wa malaya a maluwa.

"Chimalira!"

"Ndaliwerenga kawiri, achimwene. Sichilira."

"Mukunditcha wabodza?" Chitseko adaimirira, mpando udagwa. Adatsegula zipi ya jekete, adasolola buku lasiliva ndi kuliponya patebulo. "Tsegulani pomwe ndapinda tsambapo! Werengani nokha!"

Mwini shopu adavala magalasi, adayang'ana buku, adayang'ana kabati yopanda kanthu, adayang'ananso buku.

Bambo wa malaya a maluwa adatsegula pomwe padapindidwa, adawerenga modekha, adagwedeza mutu. "Mukunena zoona, chimaliradi. Pepani." Kenako adapisa m'thumba ndi kutulutsa unyolo. "Ndine wapolisi. Lero sindinali pantchito, koma mwandibweretsera ntchito mpaka pampando."

Mapu adathamangira kukhomo, koma Chitseko adali atafika kale, ndipo mwa mantha adaiwala kutuluka chammbali. Adatsekeratu khomo lonse. Mapu adayesa kudutsa pansi pa miyendo, adangopanikizika khosi, chifuwa chija n'kuyambiranso.

Roketi yekha sadathawe. Pamene anthu ankalimbana ndi kuzula anzakewo pakhomo, iye adatola kabuku kaja ndi kuyamba kufunafuna tsamba lomaliza. Selotepu idali itamata masamba. Asanawalekanitse, unyolo udalira padzanja pake, kabuku kadabwerera kwa mwini wake.

Mayiyo adamuyang'ana mwachisoni chenicheni. "Mwanawe, kabuku aka sindigulitsa. Ndimabwereketsa ulere kwa aliyense wokapempha. Ukadangonena, bwenzi pano uli kunyumba ukuwerenga."

Mawu amenewo adamupweteka Roketi kuposa unyolo. Ali m'njira kupita kupolisi, Mapu akutukwana mlamu wake ndi mtundu wake wonse, Chitseko akufunsa ngati kundende kuli mabuku, Roketi adasendera kwa wapolisiyo.

"Bwana, mlandu ndikuuvomera wonse, ngakhale wa nkhuku za chaka chatha. Koma ndithandizeni chimodzi chokha. Inu mudawerenga. Kodi Kaputeni adapulumuka?"

Wapolisiyo adaima, adamuyang'ana ngati munthu amene wapempha chinthu chonyansa.

"Achimwene, kuba ndi mlandu, koma woweruza amatha kukhululuka. Kuulula mathero a buku kwa munthu amene sanawerenge, m'gulu lathu sitikhululuka. Mudzawerenga nokha mukadzatuluka."

Mpaka pamenepo Roketi adali atalimba mtima ngati mwamuna. Apa ndiye adakhala pansi pakati pa msewu ndi kulira mokweza, kuposa chimphona chija kuseri kwa injini.